Msonkho Uli pa Phindu, Sungani Mapepala Anu

Mau amene Mlembi wa Nthambi analankhula pa msonkhano wa mamembala onse, nyengo ya misika isanayambe.

 Komiti inandipempha kuti ndilankhule za msonkho, ndipo ndidziwa kuti ena mwa inu pongomva mau amenewa mtima wagunda kale, pakuti kwathu kuno msonkho sunakhalepo nkhani yokondweretsa. Koma ndikupemphani kuti mukhazike mtima pansi ndi kundichera khutu kufikira nditamaliza, cifukwa cimene ndabwera naco ndi cimodzi cokha. Lamulo la dziko lino liti munthu apereke msonkho pa phindu limene lamtsalira atacotsa zimene anaononga pa nchito yake, ndiponso liti ngati anamdula kale ndalama pogulitsa, ndalamayo iwerengedwe monga msonkho umene wapereka kale. Koma lamulo limeneli lithandiza munthu amene ali ndi mapepala m'manja, nakadzionetsa yekha kwa osonkhetsa. Wopanda mapepala apereka kopyola muyeso wake, ndipo palibe amene adzabwera pa khomo kudzamuuza.

KUMENE MANTHA ATHU ANACOKERA

Dziko lino litakhala pansi pa Angerezi mu 1891, Harry Johnston sanacedwe kuika msonkho, ndipo pofika 1894 unali masheleni 3 pa nyumba iri yonse. Msonkho umenewo sunafunse kuti mwini nyumba wapeza zingati caka cimeneco. Wokolola nkhokwe zitatu ndi wokolola mtanga umodzi anapereka cimodzimodzi. Kuyambira 1902 anaukweza kufika masheleni 6, koma anati munthu amene wagwira nchito kwa Mzungu mwezi wathunthu, nakhala ndi kalata yosonyeza zimenezo, apereke theka lokha. Taonani, kumeneko kunali kucepetsa msonkho ndithu, koma sikunaikidwe pofuna kupeputsa mtolo wa munthu wosauka iai. Kunaikidwa pofuna kumkankhira ku minda ya Azungu, ndipo kunakhalapo kufikira 1921. Olephera kulipira ena anatentheredwa nyumba, ena akazi ao anagwidwa cikole kufikira mwamuna atapeza ndalama, ndipo amuna ambiri anasiya midzi kupita ku Harare ndi ku Joni kukafuna masheleni a msonkho. Pamene John Chilembwe anaukira mu 1915, msonkho ndi thangata zinali pakati pa madandaulo akulu a anthu.

Ufulu utabwera mu 1964, msonkho wa pa mutu wa mwamuna ali yense sunacoke msanga. Unathetsedwa m'zaka zoyamba za m'ma 1990, pa nthawi imene dziko linali kulowa m'ndale za zipani zambiri. Akulu amene muli pano mukumbuka masiku amenewo, m'mene amuna anali kugona ku chire akamva kuti amesenjala ali m'njira. Koma mukumbukenso ici: ngakhale m'masiku obvutawo, munthu amene anasunga citupa cake ca msonkho anagona m'nyumba mwake, ndipo amene anacitaya anakhala ngati sanalipire konse. Phunziro limenelo silinathe nchito.

Lero zinthu ziwiri zasintha. Coyamba, gawo 171 la Malamulo Akulu a dziko lino a 1994 liletsa Boma kapena khonsolo kuika msonkho uli wonse popanda lamulo. Ndiye kuti kalaliki sangangodzuka m'mawa ndi kuchula ciwerengero ca m'mutu mwake. Caciwiri, msonkho wa munthu tsopano uyesedwa ndi zimene wapeza, ndipo amene wapeza zocepa sapereka kanthu. Osonkhetsa ndi a Malawi Revenue Authority, amene tingoti a MRA, amene anayamba nchito mu 2000, ndipo likulu lao liri ku Msonkho House mu Blantyre. Ndalamazo sizioloka nyanja. Ndi zimene zilipira anamwino ndi aphunzitsi, zigula mankhwala ndi kukonza miseu. Tinafuna kudzilamulira tokha, ndipo akulu anati walira mvula walira matope. Sindinabwere kudzakuphunzitsani kuzemba msonkho. Ndabwera kuti ali yense apereke gawo lake lenileni, osacepetsa ndiponso osaonjeza.

KODI IFE A KUMUDZI ZITIKHUDZA?

Ambiri aganiza kuti ciyambire kutha kwa msonkho wa pa mutu, munthu wa kumudzi sapereka kanthu ku Boma. Si zoona. Pogula malata kapena simenti mupereka VAT, imene mu 2024 inali K16.50 pa K100 iri yonse, ndipo iri kale m'kati mwa mtengo. Pa msika mudula citupa, ngakhale ndalama imeneyo ipita ku khonsolo, osati ku MRA. Koma nkhani yathu lero ndi ya msonkho wa pa zopeza za munthu, ndipo umenewu utifika m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi ya anthu a pa nchito ya malipiro a pa mwezi, monga ife aphunzitsi, alangizi, azaumoyo ndi ena ogwira ku esiteti. Msonkho wao auchula PAYE, ndipo wolemba nchito audula malipiro asanafike m'manja. Pali gawo la malipiro limene silikhomeredwa msonkho. Mu 2020 gawo limeneli linakwezedwa kucoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pa mwezi, ndipo mu April 2024 linafika pa K150,000. Malire amenewa asinthidwa ndi Nyumba ya Malamulo pa nkhani ya bajeti, cotero caka ciri conse muzifunsa kuti tsopano ali pati. M'zitsanzo zanga zonse ndigwiritsa nchito malire a mu April 2024, kuti muone m'mene masamu ake ayendera. Pa malire amenewo, K150,000 yoyamba inali yaulere, K350,000 yotsatira inakhomeredwa K25 pa K100, kupyola pamenepo K30, ndipo olemera kwambiri K35.

Tsono munthu wolandira K250,000 pa mwezi anayenera kudulidwa zingati? Ena afulumira kunena kuti K25 pa K100 ya malipiro onse. Ai. Mucotse poyamba K150,000 yaulere, itsala K100,000, ndipo msonkho wake ndi K25,000. Nchifukwa cake munthu asakane kukwezedwa malipiro poopa kuti msonkho udya zonse, pakuti mlingo wokwera ugwira gawo lokhalo limene lapyola malire. Inu a pa nchito muziyang'ana kapepala ka malipiro mwezi uli wonse, ndipo caka cikatha muzipempha kalata yochedwa P9, imene isonyeza zonse zimene munalandira ndi zonse zimene anakudulani.

Njira yaciwiri ndi imene ikhudza ambiri a ife muno. Mukagulitsa soya, mtedza, nandolo kapena mbeu zina kwa kampani kapena bungwe, wogulayo alamulidwa kudula gawo la ndalama zanu ndi kulitumiza ku MRA. A ku ofesi auchula withholding tax, ife tingoti msonkho wodulidwiratu. Pa zokolola, mu 2024 unali K3 pa K100 iri yonse. Udulidwanso kwa wonyamula katundu pa galimoto, kwa womanga nyumba pa kontrakiti, ndi kwa wobwereketsa nyumba ku bungwe, ali yense pa mlingo wake. Tsono mverani bwino pano, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Msonkho umenewu udulidwa pa ndalama zonse zimene mwagulitsa, pamene lamulo lifuna msonkho pa phindu lokha. Wogulayo sadziwa kuti munagula mbeu ndi ndalama zingati, kapena munalipira aganyu angati. Cotero cimene wadulaco ciri ngati cikole cabe, coperekeratu poyembekeza kuwerengera kwenikweni pakutha pa caka. Kuwerengera kumeneko sikucitika pokhapokha mwini wake atapereka fomu ya zopeza zake za pa caka.

ZITSANZO ZIWIRI

Tiyerekeze mai wina walima soya nagulitsa kwa kampani K3,000,000. Kampani yadula K90,000, ndipo maiyo wabwerera kwao ndi K2,910,000, nangoti ndi m'mene zikhalira. Koma pa mbeu, pa aganyu olima, opalira ndi omenya, pa matumba ndi pa ngolo yonyamulira anaononga K1,400,000. Phindu lake lenileni ndi K1,600,000. Gawo laulere la K150,000 pa mwezi likwana K1,800,000 pa caka. Muona kuti phindu la maiyu silinafike pa malire, ndiye kuti msonkho wake wa caka cimeneco ndi wopanda kanthu. Nanga K90,000 ija ndi ya yani? Ndi yake. Lamulo limlola kuiitanitsa. Akapanda kutero, wapereka msonkho umene Nyumba ya Malamulo sinamuikire, ndipo caka camawa adzaperekanso.

Tiyerekezenso bambo wina wa geni, amene agula mbeu m'midzi ndi kukagulitsa ku makampani m'tauni. Pa caka wagulitsa za K20,000,000, ndipo amdula K600,000. Anthu pomuona ati ndi wolemera, koma pogula mbeuzo, pa matumba, pa galimoto, pa lendi ya mosungira ndi pa ziphaso anaononga K17,000,000. Phindu lake ndi K3,000,000. Ticotse K1,800,000 yaulere, itsala K1,200,000, ndipo pa K25 pa K100 msonkho wake ndi K300,000. Iye anapereka kale K600,000, ndiye kuti wapyola ndi K300,000, imene ayenera kubwezeredwa kapena kuisungitsa kuti ilipire msonkho wa m'tsogolo.

Koma tsopano tinene kuti bambo yemweyu sanali kulemba bwino, ndipo pa K17,000,000 ija ali ndi umboni wa K12,000,000 yokha. Pa maso pa osonkhetsa phindu lake lioneka ngati K8,000,000. Msonkho wa phindu lotere pa malire omwewo ndi K1,650,000. M'malo moti alandire K300,000, apezeka kuti ali ndi ngongole ya K1,050,000. Munthu ndi yemweyo, malonda ndi omwewo, cimene casiyanitsa ndi mapepala okha. Mpamba wa anthu ambiri uthera pamenepa, ndipo pambuyo pake ayamba kuloza zala anansi ao kuti awalodza.

ZOCOTSERA NDI ZOPEREKERATU

M'zitsanzo izi mwaona zinthu ziwiri zimene zicepetsa msonkho, ndipo ndifuna kuti musazisokoneze. Cina ndi cocotsera, ndico ndalama imene munaononga pofuna kupeza phindu. Imeneyi icotsedwa pa zogulitsa zanu msonkho usanawerengedwe. Cina ndi coperekeratu, ndiwo msonkho umene anakudulani kale, ndipo umenewu ucotsedwa pa msonkho weniweniwo. Kwa munthu wa pa mlingo wa K25 pa K100, lisiti la fetereza la K100,000 limpulumutsira K25,000. Koma kalata ya msonkho wodulidwiratu ya K100,000 impulumutsira K100,000 yonse. Cotero mapepala onse ndi ofunika, koma kalata ya msonkho wodulidwa muisunge monga musungira ndalama zenizeni. Musacoke pa sikelo ya kampani kapena pa ofesi yolipira osafunsa kuti kalatayo muipeza bwanji. Wogula amene adula ndalama nakana kupereka umboni wake, mumuyang'anitsitse, pakuti simudziwa ngati ndalamayo ifika kumene aichula.

Kodi zololedwa kucotsa ndi ziti? Lamulo liti ndi zimene zaonongedwa cifukwa ca nchito yopezera phinduyo basi. Kwa mlimi ndi mbeu, fetereza, mankhwala a mbeu ndi a ziweto, malipiro a aganyu, matumba, lendi ya munda ndi zonyamulira kupita ku msika. Kwa wa golosale ndi katundu amene waoda, lendi ya sitolo, ciphaso ca malonda ndi ulendo wokaoda. Kwa wa cigayo ndi mafuta kapena magetsi, sefa, malamba ndi malipiro a wogayitsa. Ciongola dzanja ca ngongole imene munatengera nchitoyo ciwerengedwanso. Ndipo lamulo la msonkho liri ndi mau apadera okomera alimi, pakuti lilola kucotsa zimene munthu waononga pozula zitsa, posalaza munda, poteteza nthaka kuti isakokoloke, pokumba zitsime ndi mijigo, ndi pokonza ngalande za madzi. Cinthu cacikulu cokhala zaka zambiri, monga injini ya cigayo kapena pampu, kawirikawiri sicicotsedwa conse caka cimodzi, koma gawo gawo caka ndi caka, cotero lisiti lake lisataike.

Zosaloledwa ndi za pa khomo: ndiwo, zobvala, fizi ya ana, ukwati, maliro ndi mowa. Ena amva kwa abale ao okhala kunja kuti kumeneko Boma licepetsa msonkho cifukwa ca ana, ndipo ayesa kuti kuno ndi cimodzimodzi. Kuno cimene Boma lasiyira banja ndi gawo laulere lija. Njinga yamoto imene igwira kabaza masana nipita ku ucembere usiku, mafuta a kabaza okha ndi amene muyenera kulemba. Musaonjeze za bodza, pakuti lisiti limodzi lonama licititsa kuti onse oona akayikiridwe, ndipo liri ndi cilango cake.

Dziwaninso kuti gawo laulere ndi limodzi kwa munthu mmodzi. Mphunzitsi kapena mlangizi amene malipiro ake apyola kale malire, natsegula golosale kapena nabwereketsa nyumba, asayembekeze gawo laulere laciwiri. Phindu la golosalelo liphatikizidwa ndi malipiro ake, ndipo nayenso ayenera kudzaza fomu.

Cina cimene ambiri sacidziwa ndi ca caka ca tsoka. Tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023, ndi cilala ca 2024. Munthu amene waononga zambiri koposa zimene wagulitsa, akalemba kuluza kwakeko pa fomu, lamulo limlola kukucotsa pa phindu la zaka zingapo zotsatira. Amene angoti caka cino ndaluza, palibe cokanena ku MRA, wataya mwai umenewu.

Pali mitundu ina ya msonkho wodulidwa imene lamulo liti ndi yotsiriza, yosabwezedwa ndi yosawerengedwanso, monga wa pa phindu limene makampani agawira eni masheya. Inu alimi a fodya amene mugulitsa kudzera m'makalabu, uzani atsogoleri a kalabu yanu afunse momveka ngati wanu uli wotsiriza kapena woperekeratu, ndipo yankho lake lilembedwe m'buku la kalabu. Ndiponso mu 2021 Boma linaika msonkho woyerekeza wa malonda ang'ono osapyola K12,500,000 pa caka, umene munthu apereka ndalama yoikika malinga ndi kukula kwa malonda ake. A mageni ang'ono, polembetsa mufunse kuti muli m'gulu liti. Safunsa anadya phula.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba, tengani nambala yanu ya msonkho, yochedwa TPIN. Iperekedwa ndi a MRA kwaulere, ndipo cofunika ndi citupa canu ca unzika. Ena aopa kuti kutenga nambala ndi kudziitanira ngongole. Koma taganizani, ndalama akudulani kale, ndipo popanda nambala ndalamayo siidziwika kuti ndi ya yani. Nambalayo ndi imene iika dzina lanu pa zimene mwapereka. Pogulitsa kwa kampani muziichula nthawi zonse, ndipo musagulitse mbeu zanu pa nambala ya munthu wina, cifukwa coperekeratu canu cidzakhala cake.

Caciwiri, gulani kope la ana a sukulu. Tsamba la kumanzere mulembe zolowa, la kumanja zotuluka, ciri conse ndi tsiku lake. Mulembe tsiku lomwelo, pakuti mutu si nkhokwe. Aganyu alibe malisiti, cotero mulembe dzina, nchito imene agwira ndi ndalama, ndipo iwo asaine kapena adinde cala. Wogula mbeu m'midzi acite cimodzimodzi, alembe dzina la wogulitsa, makilogalamu ndi mtengo. Buku lotere ndi umboni woposa mau a pakamwa. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa Standard 7 atha kukulemberani madzulo ali onse, ndipo nayenso aphunzirapo masamu.

Cacitatu, malisiti muwaike m'citini cotseka kapena m'thumba la pulasitiki, kutali ndi ciswe, makoswe ndi mvula yodontha. Malisiti a makina a m'sitolo afufutika msanga akakhala pa dzuwa, cotero amene muli ndi foni yojambula muziwajambula. Musawataye caka cikatha, pakuti osonkhetsa aloledwa kufunsa za zaka za m'mbuyo. Amene asunga zaka 7 sadzasowa coyankha.

Cacinai, dziwani nthawi. Kuyambira 2022 caka ca Boma ciyamba pa 1 April ndi kutha pa 31 March, ndipo fomu ifunika m'kati mwa masiku 180 caka citatha, ndiye kuti mwezi wa September usanathe. Musadikire sabata yotsiriza. Wocedwa alipira cilango, ndipo amene sapereka konse, osonkhetsa ali ndi mphamvu yomuyerekezera okha zimene wapeza. A malonda okulirapo aperekeratu msonkho wao miyezi itatu iri yonse, ndipo umenewonso ucotsedwa pa kuwerengera kwa pakutha pa caka. Masiku ano fomu iperekedwa pa intaneti kudzera pa Msonkho Online, ndipo osadziwa kagwiritsidwe kake akapemphe cithandizo ku ofesi ya MRA imene ali nayo pafupi.

Cacisanu, musalipire msonkho m'manja mwa munthu pa njira kapena pa khomo. Lipirani ku banki kapena m'njira imene a MRA aibvomereza, ndi kusunga umboni wake. Ndipo mukalandira kalata yokuchulirani msonkho umene simugwirizana nao, musaiike pansi pa mphasa. Lamulo likupatsani masiku 30 kuti mulembe kalata yotsutsa, ndi kunena zifukwa zanu pamodzi ndi mapepala anu. Masikuwo akapita, mlandu ulimba.

MABVUTO AMENE ALIPO

Sindifuna kukunamizani kuti zonsezi ndi zapafupi. Wina anena kuti, a Mlembi, ine anandidula K15,000 yokha, ndipo ulendo wopita ku ofesi ndi kubwera udya yoposa pamenepo. Ameneyo anena zoona. Winanso anena kuti ndalama yolowa ku Boma siituluka msanga. Nayenso sanalakwe, pakuti asanabweze ayamba ayang'ana mapepala onse, ndipo zimenezo zitenga nthawi. Fomu iri m'Cizungu, foni zambiri muno sizigwira intaneti, ndipo ambiri a ife ticita manyazi kulowa m'maofesi.

Koma mabvuto amenewa alemera cifukwa ali yense awasenza yekha. Mutu umodzi susenza denga. Cimene munthu mmodzi sangacipitire ulendo, anthu 40 atha kucipitira potuma awiri. Nchifukwa cake Komiti yagwirizana zinthu izi, zimene ndizipereka kwa inu kuti muzibvomereze kapena kuzikonza. Loweruka loyamba la mwezi uli wonse, msonkhano ukatha, ine ndi a Msungicuma tidzakhala kwa maora awiri kuthandiza ali yense kukonza kope lake, popanda kulipira kanthu. Tidzalemba maina a amene afuna TPIN kuti tipite nao pamodzi. Tidzalemba kalata ku ofesi ya MRA yopempha kuti atume munthu adzalankhule nafe kuno m'cinenero cathu, pakuti kuphunzitsa okhoma msonkho ndi mbali ya nchito yao. Cithandizo cimeneci ndi ca munthu ali yense wa m'midzi yathu, wa gulu lathu ndi wosakhala wa gulu lathu, ndipo za cuma ca munthu zimene tidzaziona m'kope lake sizidzatuluka pakamwa pathu.

Ndipo popeza malire a msonkho aikidwa ndi Nyumba ya Malamulo, tiri nao mau oti tipatse phungu wathu. Gawo laulere likakhala malo amodzi pamene mitengo ya zinthu irikukwera, wosauka apezeka ali kupereka msonkho pa ndalama yosakwana ndi cakudya comwe. Tifuna kuti fomu ya mlimi wamng'ono ikhale yaifupi ndi yomveka m'zinenero zathu. Tifuna kuti kubweza ndalama zocepa kwa alimi kufulumire. Koma popita ndi madandaulo amenewa tisapite manja okha. Phungu akamva kuti anthu alikudandaula, angogwedeza mutu. Akaona pepala lonena kuti alimi akuti-akuti a m'dera lake anadulidwa ndalama zakuti-zakuti pamene phindu lao silinafike pa malire, adzakhala ndi conyamula popita ku Lilongwe.

Pomaliza, abale ndi alongo, makolo athu anapereka masheleni ao kwa Boma limene sanalisankhe, ndipo analibe pofunsa kuti ndalamazo zagwira nchito yanji. Ife tisankha Boma, koma ambiri a ife sitidziwa kuti tapereka zingati, ndipo cifukwa ca ici tikapita ku cipatala kapena ku khonsolo tilankhula ngati opempha. Munthu amene ali ndi kalata yosonyeza msonkho wake sacita manyazi kufunsa za mlatho umene unakokoloka kapena za mankhwala amene asowa, pakuti afunsa za ndalama zake. Misika irikuyandikira. Musanatsegule thumba loyamba, kope likhale litagulidwa, ndipo pa msonkhano wa mwezi wamawa ali yense abwere nalo kuti tiyambe kulemba pamodzi.